Khutu la Amelia

Ruvimbo ankakhala ku Honde, dera la mapiri la anthu olankhula Chishona. Ankakhala kukomboni, pafupi ndi munda wa tiyi. Ankakhala ndi amayi ake ndi agogo ake aamuna, a Onias.

Ruvimbo anali ndi makutu aakulu. Tisanamizane, anali aakulu ndithu. Anzake ankamuseka. Womuseka kwambiri anali Romeo, mnzake woweta mbuzi.

"Ruvimbo, kukubwera mphepo!" ankatero Romeo. "Gwira makutuwo, ungauluke!"

Ruvimbo ankakwiya. Ankabisa makutu ake mu chipewa.

Koma agogo sankamuseka. "Vula chipewacho, mdzukulu wanga," ankatero. "Makutu amenewo ndi a achemwali anga, Amelia. Usachite nawo manyazi."

Amelia anamwalira kalekale. Chithunzi chake panalibe. Ruvimbo ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuona nkhope ya Amelia.

Pamphambano, pomwe makombi, maminibasi aja, amaima, panali chipilala. Chinali chipilala cha Amelia. Koma chinalibe nkhope. Chinalibe maso. Chinalibe mphuno. Chinalibe pakamwa. Chinali choyera mbee, chosalala, chotupa pamwamba.

Ukachiona uli patali, unkati ndi chulu. Ndiye anthu ankangoti, "Pachulu."

Kombi ikafika, Blessmore ankatulutsa mutu pawindo. Iye anali hwindi, woitanira anthu okwera.

"Pachulu! Pachulu!" ankafuula. "A Pachulu, burukai! Tsikani msanga!"

Dzina la Amelia sankalitchula. Ana ambiri sankalidziwa n'komwe.

Kumunda wa tiyi kuli mwambo wake. Anthu amakonda njereza. Miyala ya m'mbali mwa msewu amaipaka njereza. Mlendo akamabwera, njereza. Khirisimasi ikafika, njereza. Tsiku la Ufulu, njereza. Ukaima nthawi yaitali pamsewu, nawenso akhoza kukupaka.

Agogo Onias ndiwo ankapaka chipilala. Sankalola wina aliyense. Njereza yawo inali yokhuthala ngati phala. Ankapaka. Ankapakanso. Chaka ndi chaka ankapaka.

Maso a agogo anali atafooka. Ankangoona kuyera basi. Akamaliza kupaka, ankamwetulira.

"Mwawala, achemwali," ankatero. "Mwawala zedi."

Tsiku la Ngwazi linayandikira. Ili ndi tsiku lokumbukira omenyera ufulu. M'mawa wina, agogo anakhala pakhonde. Ankasakaniza njereza mu ndowa. Ruvimbo ankawathirira madzi.

"Agogo, kodi agogo Amelia anachita chiyani?" anafunsa Ruvimbo.

Agogo anasiya kutakasa.

"Atate athu anachokera ku Malawi," anatero. "Anabwera kuno kudzathyola tiyi. Achemwali nawonso ankathyola tiyi. Ine ndinali wamng'ono."

"Kenako?"

"Kenako kunabwera nkhondo ya ufulu. Anyamata omenyera ufulu ankabisala m'mapiri awo. Anali ndi njala. Ena anali ovulala. Achemwali ankaika chakudya pansi pa dengu. Ankaikamo ndi mankhwala. Pamwamba ankaika masamba a tiyi. Asilikali akayang'ana, ankangoona tiyi."

"Maiwe!" anatero Ruvimbo. "Sankaopa?"

"Ankaopa. Koma ankapitabe."

Agogo anagwira khutu la Ruvimbo pang'ono.

"Makutu awo ankamva patali. Tsiku lina anamva malole a asilikali. Ife tonse sitinamve kanthu. Iwo anamva. Anaponya dengu pansi. Anathamanga. Anakachenjeza anyamata aja. Anawaonetsa powolokera mtsinje wa Pungwe. Onse anawoloka. Onse anapulumuka."

"Nanga agogo Amelia?"

"Asilikali anawagwira pamphambano paja. Sanabwerenso kunyumba."

Ruvimbo mtima unamuwawa.

"Koma ufulu unabwera!" anatero agogo, mawu atakwera. "Mmodzi wa anyamata aja anabweranso. Dzina lake anali Marshall. Anali wosema miyala. Anabwera ndi mwala waukulu wakuda pangolo. Anasema nkhope ya achemwali. Tinaimika mwalawo tonse, ndi zingwe. Anthu anaimba mpaka mawu kutha. Ine ndinalonjeza kuti ndidzausamala."

"Nkhope, agogo?" anadabwa Ruvimbo. "Nkhope iti? Pachulu palibe..."

"Ruvimbo!" anaitana amayi ake. "Tabwera kuno."

Amayi anamukokera kuseri kwa nyumba. Analankhula monong'ona.

"Nkhopeyo inakwiririka ndi njereza, mwanangu. Akuluakulu tonse tikudziwa. Koma agogo ako saona bwino. Iwo amati ikadalipo. Akadziwa, mtima uwapweteka. Usawauze. Wamva?"

"Ndamva, amayi," anatero Ruvimbo.

Kumva anamva. Koma mtima wake sunavomere.

Masana, Ruvimbo anapita pamphambano. Anapeza Romeo ali ndi mbuzi zake. Ruvimbo anazungulira chipilala. Anayang'ana kutsogolo. Anayang'ana kumbuyo. Njereza yokhayokha.

"Ukufuna chiyani pachulu?" anafunsa Romeo.

"Si chulu ichi. Ndi agogo Amelia."

"Amelia ndaninso? Chulu ndi chulu, shamwari."

Ruvimbo anafuna kulira. Munthu anapulumutsa anthu. Lero akumutcha chulu!

Romeo anali ndi tonde wamakani. Tondeyo ankamva kuyabwa panyanga. Anafika pachipilala. Anakwera pamwala wa m'mbali. Anayamba kukhula nyanga.

Khwe! Khwe! Khwe!

"Choka iwe!" anakuwa Romeo.

Khwe! Khwe! Gwa!

Chibenthu cha njereza chinagwa pansi. Tonde anathawa. Romeo anagwira mutu.

"Tapalamula!" anatero. "Sekuru Onias atimaliza! Timatepo dothi msanga!"

"Dikira," anatero Ruvimbo.

Pomwe panagwa njereza panali mwala wakuda. Ruvimbo anapukuta ndi chala. Anapukutanso. Anayang'anitsitsa.

Linali khutu.

Linali khutu lalikulu. Lalikulu ndithu.

Ruvimbo anavula chipewa. Anagwira khutu lake. Anagwira khutu lamwala. Anagwiranso lake.

Romeo anayang'ana uku. Anayang'ana uko.

"Ali m'katimu!" anafuula Ruvimbo. "Agogo Amelia ali m'katimu!"

M'mawa mwake, agogo ananyamula burashi. Amayi ananyamula ndowa ya njereza. Ruvimbo anagwira agogo dzanja, monga mwa masiku onse. Anadutsa m'nthochi. Anadutsa m'mizere ya tiyi. Nkhungu inali idakali m'mapiri.

Ruvimbo ankaganiza. Agogo akapaka, khutu lija libisikanso. Akawauza, agogo alira. Achite chiyani?

Anafika pamphambano. Agogo anaviika burashi mu ndowa. Anaikweza.

"Agogo, dikirani!" anatero Ruvimbo.

Amayi anamuyang'ana ndi diso lakuthwa. Ruvimbo anaopa. Koma sanabwerere m'mbuyo.

"Agogo, pepani. Ndibwerekeni dzanja lanu."

Anatenga dzanja la agogo. Analiika kutsogolo kwa chipilala.

"Ndionetseni mphuno ya agogo Amelia."

Agogo anaseka. "Mphuno? Si iyi apa?"

Anapapasa. Mphuno panalibe. Anapapasa pamwamba. Maso panalibe. Anapapasa m'munsi. Pakamwa panalibe. Kuseka kuja kunatha.

Ruvimbo anasuntha dzanja la agogo. Analiika pa khutu lamwala.

Zala za agogo zinaligwira. Zinalizungulira khutulo pang'onopang'ono. Burashi inagwa pansi. Agogo anakhala pamwala. Misozi inatsika.

"Kalanga ine," anatero. "Ndawakwirira achemwali anga ndi manja anga omwe."

Amayi anagwada pambali pawo. "Pepani, bambo. Tinkaopa kukuuzani."

Ruvimbo anakhala pafupi. Anawapukuta misozi ndi chipewa chake.

"Simunawakwirire, agogo," anatero. "Munangowafunditsa. Kuno kumazizira. Koma mabulangeti achuluka. Tiyeni tiwafundukule."

Agogo anapumira m'mwamba. Kenako anaseka, misozi ili m'masaya.

"Mwana uyu!" anatero. "Chabwino. Tiwafundukule."

Nthawi yomweyo kombi inaima. Blessmore anatsika. Anaona khutu lija. Maso anatuluka.

"Chulu chamera khutu!" anakuwa. "Sekuru, musadandaule. Ndili ndi nyundo m'galimoto. Ndimenya kawiri, zonse zigwa!"

"Iyayi, mukoma Blessmore!" anatero Ruvimbo. "Muthyola mphuno!"

Amayi anaimirira. Anayang'ana zala zawo. Zinali zala za wothyola tiyi. Zala zolimba, koma zopepuka. Zimabudula kansonga kokha, mtengo osaupweteka.

"Iyi si ntchito ya nyundo," anatero amayi. "Iyi ndi ntchito yathu. Ruvimbo, thamanga. Kaitane anzanga."

Ruvimbo anathamanga. Chipewa anachisiya pamwala. Anathamanga m'mizere ya tiyi. Makutu ali pamtunda, mphepo ili fyuu!

"Amayi! Azakhali! Bwerani pamphambano!" ankafuula. "Agogo Amelia akutuluka!"

Ataweruka, othyola tiyi anabwera. Anabwera madengu ali kumsana. Ana anabwera ndi zidebe za madzi. Romeo anabwera ndi zitsononkho zodzaza thumba. Tonde anamumangirira kutali.

Ana anathira madzi pachipilala. Njereza inafewa. Amayi aja anayamba ntchito.

Budu, ponya. Budu, ponya.

Ankabudula kachibenthu. Ankakaponya kumsana, mu dengu. Palibe anawauza kutero. Manja anangozolowera.

Budu, ponya. Budu, ponya.

Blessmore anayesako. Zala zinamupweteka. "Eish, zikuchedwa izi!" anadandaula.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe," anatero agogo.

Dzuwa linalowa, ntchito isanathe. M'mawa anabweranso. Madzulo anabweranso. Anthu a ku Mandeya anamva. Nawonso anabwera. Anthu a ku Ruda anamva. Anabwera ndi nthochi zoti ogwira ntchito adye.

Agogo anakhala pamwala paja. Ruvimbo anali maso awo.

"Chatuluka chiyani?" ankafunsa agogo.

"Khutu lina, agogo!"

Budu, ponya. Budu, ponya.

"Chatuluka chiyani?"

"Duku, agogo! Amanga duku kumutu!"

"Eya! Ankamanga choncho."

Budu, ponya. Budu, ponya.

"Chatuluka chiyani?"

"Mphuno, agogo! Yathunthu!"

Anthu anaomba m'manja. Blessmore anabisa nyundo yake.

Pamaso anapasiyira Ruvimbo. Amayi anamunyamula. "Pang'onopang'ono, mwanangu," anatero.

Ruvimbo anabudula kachibenthu. Anabudula kena. Diso linatuluka. Diso lina linatuluka. Amelia ankayang'ana kumapiri.

Kenako panatuluka pakamwa.

"Agogo!" anafuula Ruvimbo. "Akumwetulira!"

Ana anakwecha ndi zitsononkho. Anatsuka ndi madzi. Amayi anapaka polishi wa pansi. Anapukuta ndi nsalu yofewa. Mwala unawala, wakuda bii. M'munsi munaoneka zilembo. Romeo anaziwerenga mokweza.

"A-me-li-a. Wothyola tiyi. Ngwazi ya ufulu."



Agogo anaimirira. Ruvimbo anawatsogolera. Anaika manja onse awiri pa nkhope yamwala. Anapapasa chipumi. Anapapasa mphuno. Anapapasa masaya. Anapapasa makutu.

Kenako anawerama. Anapapasa nkhope ya Ruvimbo. Chipumi. Mphuno. Masaya. Makutu.

"Ndi omwewa," anatero agogo. "Achemwali anga abwerera kunyumba."

Mayi wina analiza nthungululu. Wina analandira. Winanso analandira. Mapiri anayankha.

Tsiku la Ngwazi linafika. Pamphambano panadzaza. Ana asukulu anabwera ndi mbendera. Amayi a kutchalitchi anaimba. Ng'oma zinalira. Ena anaimba Chishona. Ena anaimba Chinyanja. Onse ankavina gule mmodzi.

Othyola tiyi anaika dengu patsinde pa chipilala. Pansi pa dengu anaika chakudya. Pamwamba anaika masamba a tiyi.

"Ndani atiuze za Amelia?" anafunsa aphunzitsi.

"Mdzukulu wangayu," anatero agogo.

Ruvimbo anakwera pamwala. Chipewa analibe. Anaima pafupi ndi Amelia. Makutu aakulu uku, makutu aakulu uko. Palibe anaseka.

"Awa ndi agogo Amelia," anatero Ruvimbo. "Ankathyola tiyi. Ankamva patali. Ankaopa, koma ankapitabe. Anapulumutsa anthu. Si chulu ayi!"

"Si chulu ayi!" anayankha ana onse.

Kombi inatulukira pakona. Blessmore anatulutsa mutu pawindo.

"Pachu..."

Anthu onse anatembenuka. Blessmore anatseka pakamwa ndi dzanja. Anakhosomola. Kenako anafuula kuposa kale.

"Pa Amelia! Pa Amelia! A pa Amelia, burukai!"

Anthu anaseka. Anaomba m'manja. Agogo anaponya chipewa chawo m'mwamba.

Nanga njereza ya mu ndowa ija? Sinatayike. Romeo anaipaka pakhola la tonde. Pajatu tondeyo ndiye anaigwirira ntchito.

Madzulo anabwerera kunyumba. Ruvimbo anagwira agogo dzanja ili. Amayi anagwira dzanja ilo. Romeo ankabwera m'mbuyo. Ankakoka makutu ake.

"Ukutani, Romeo?" anafunsa Ruvimbo.

"Ndikufuna akuleko pang'ono," anatero Romeo.

Atafika m'nthochi, Ruvimbo anaima.

"Bwanji?" anafunsa amayi.

"Ndikumva kombi ina. Ili kutali, kuseri kwa phiri."

"Ine sindikumva kanthu," anatero amayi.

"Inenso ayi," anatero Romeo.

Agogo anawerama. "Akuti chiyani, mdzukulu wanga?"

Ruvimbo anatchera khutu. Anamwetulira.

"Akuti, 'Pa Amelia! Pa Amelia!'"

Agogo anamufinya dzanja. Anayenda ulendo wonse akuimba.